Fungo Limene Linathamangitsa Mlamu Wanga

1

Ntchito yanga ndi yochotsa manyazi a anthu m'zovala. Mundibweretsere malaya otayikira mowa, kolala yopakika lipisitiki ya mkazi wa eni, kapena shiti imene munthu wamkulu waikodzera, mawa lake mudzazitenga zili mbee, ndipo pakamwa panga simudzamvapo kanthu. Koma pali fungo limodzi limene linandikanika, ndipo nkhani yake ndikuifotokoza nkhope ili pansi.

Ine ndi amuna anga tili ndi malo ochapira ndi kusitira zovala. Kutsogolo kuli kauntala ndi mahang'ala, pakati pali makina ochapira ndi makina amodzi oumitsira zovala, akale koma amphamvu, ndipo kumbuyo ndi kumene timagona. Nyumbayo ndi ya lendi. Timakhala ndi apongozi anga, mayi wa amuna anga. Nthawi imeneyo tinkakhalanso ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, amene aliyense amamutcha Wailesi chifukwa akangodzuka pakamwa pake sipatsekekanso.

Wailesi anali ndi mbiri. Ali mnyamata anachotsedwa sukulu chifukwa cha chamba, ndipo anawaliza mayi ake zaka zambiri. Koma anasiya, ndipo ine ndine mboni. Ankayenda pa njinga yamoto kukatenga ndi kukapereka zovala kwa makasitomala, ndipo kasitomala wathu wamkulu anali sukulu ya mkaka ya kumtunda kwa msewu wathu, imene tinkaichapira timabulangete togonera ana masana. Ahedi a pasukulupo anamukonda Wailesi poona mmene ana ankamuthamangira akamva njinga. Anamulonjeza kuti mwezi ukatha ayamba kuyendetsa minibasi yonyamula anawo.

"Alamu, mundione bwinobwino," ankatero akupukuta laisensi yake pa malaya. "Mwezi wamawa mukafuna kundilankhula muzidzera kwa sekilitale."

"Inu? Ana a eni ake mudzawagonthetsa m'makutu asanafike n'kusukulu komwe."

Tinkaseka choncho. Koma kuseri kwa nyumba, pakati pa thanki ya madzi ndi mpanda, kunali kadimba. Kutsogolo kwake kunali tomato womangirira ku timitengo, kumbuyo kwa tomatoyo kunali chamba chofika m'mapewa. Sindinabzale ndine. Mwini wake ndimutchula nthawi ikakwana. Pakadali pano ndingoti anali munthu amene sindinkatha kumukanira kanthu. Yanga inali yothirira basi.

2

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata imene amuna anga anapita kutali ku msonkhano wa akulu a mpingo, mvula inayamba ija yosadziwa kukata, ndipo alandilodi anatulukira ali ndi ambulera ndi tepi yoyezera.

"Mayi, Loweruka ndikubwera ndi amisiri," anatero. "Kuseri kwa thankiko ndikufuna ndiwonjezere chipinda. Ndingapiteko ndikayeze?"

Anali atayamba kale kuyenda. Ndinathamanga n'kuwatsekereza njira.

"Bambo, kumeneko n'kumene timatayira madzi a sopo. N'koterera zoopsa, dzana ndinagwako chagada. Nsapato zabwinozi muzisiye, adzayeza okha amisiriwo."

Anayang'ana nsapato zawo, n'kupinda tepi. Atangotuluka ndinadzitsekera m'bafa n'kumuimbira foni mwini chamba.

"Alandilodi akukumba kuseri Loweruka. Ndichizule ndikataye?"

"Utaye chiyani? Ukudziwa mmene ndachidikirira? Udule chonse, uumitse, usunge. Lisatayike ngakhale tsamba limodzi."

"Ndi mvula imeneyi? M'nyumba muli anthu."

"Ine sindingabwere. Uona chochita."

Foni inaduka. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanachizula n'kuchiponya m'dzenje la zinyalala. Koma ndinali nditazolowera kumvera mawu amenewo.

3

Ndinadikira kuti Wailesi anyamuke ndi katundu ndipo apongozi agone tulo tawo ta masana. Ndinatenga chimpeni cha kukhitchini ndi beseni lalikulu lochapira, n'kulowa kuseri kwa tomato mvula ikundimenya pamsana. Sindinkadziwa kuti chinthucho chimamata chotero. Posakhalitsa zala zanga zinali ngati ndagwira ulimbo, ndipo mpeni unkakana kudula. Galimoto ikadutsa kunja kwa mpanda ndinkagwada m'matope, ine mayi wa ana akuluakulu, woimba kwaya ya amayi, nditakumbatira nthambi za chamba ngati khanda.

Ndinazilowetsa m'kachipinda kosungiramo sopo. Munthu amachita zimene manja ake amadziwa: ndinamanga chingwe, ndinatenga mapegi ndi mahang'ala, n'kuyanika nthambi zija mwadongosolo ngati masokosi a kasitomala. Kenako ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumumangirira ku mpango.

Mawa lake mvula inali ikadagwa. Nditatsegula kachipinda kaja ndinapeza masamba ali lende, onyowa ngati dzulo lomwe, ndipo nthambi zina zinali zitayamba kuchita chuku. Fungo linali litayamba kutulukira pansi pa chitseko. Apongozi anaima m'khonde akununkhiza uku ndi uku.

"Mwana wanga, muno mwafera khoswe kapena?"

"Ndi sopo watsopano, amayi. Ndabweza kale, abwera kudzatenga."

"Abwere msanga. Sopo wanji wonunkha ngati mbuzi yonyowa?"

Ndinaimbanso foni ija.

"Chikuola," ndinanong'ona. "Ndipo amayi ayamba kununkhiza."

Mwini chamba anaseka kaseko kaja kopeputsa munthu.

"Iwe umaumitsa mabulangete a tauni yonse mvula ikugwa, ndiye masamba akukanike?"

Mawu amenewo ndi amene anandiponya m'dzenje. Ndinatembenuka n'kuyang'ana makina oumitsira zovala.

4

Ndinachita monga mmene ndimachitira ndi zovala zosachedwa kuwonongeka. Ndinathothola nthambi zija, n'kuzilongedza m'matumba a mapilo, kumanga kukamwa kwake, kuponya m'makina, n'kuyatsa. Ndinadziona wanzeru kwambiri. Ndinafika mpaka poimba kanyimbo ndikusita.

Chimene ndinaiwala ndi paipi yotulutsa mpweya wotentha, imene imaloza kumsewu. Mnansi wathu wometa tsitsi anasuzumira pakhomo, sizasi ili m'manja, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Achemwali, lero mukuchapa jekete la ndani? Makasitomala anga onse ayamba kuseka opanda chifukwa."

"Ndi lamba wa makina, wapsa."

"Lamba ameneyo mukamugulitsa mundiuze," anatero akubwerera.

Ndinathamanga kukazimitsa. Nditatsegula ndinapeza thumba limodzi litamasuka. Zinyenyeswazi zinali paliponse, m'timabowo ta makina, pa sefa, m'mphepete mwa chitseko, ndipo mkati monse munali mutamata utomoni. Zimene zinatsala, zopserera kunja koma zonyowa mkati, ndinazikokolera m'zidebe zotha sopo n'kutseka zolimba. Kenako ndinalowetsa mutu m'makina n'kuyamba kukwecha. Sopo wa ufa, bulichi, viniga, madzi otentha, chilichonse chimene ndimadziwa. Nditamaliza ndinanunkhiza, osamva kanthu. Ndinapuma.

Sindinadziwe kuti mphuno yanga ndi imene inali itafa. Munthu ukakhala m'fungo tsiku lonse umasiya kulimva, ndipo ine wochapa zovala ndinayenera kudziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Chakumadzulo Wailesi anafika atanyowa, akuyetsemula, mphuno zitatsekeka ndi chimfine cha mvula ija. Anatsitsa mtolo wa timabulangete ta sukulu ya mkaka.

"Ahedi akuti mawa m'mawa tikhale titafika, alamu. Ana akugona pa mphasa zopanda kanthu."

Ndinachapa, ndinaumitsa m'makina omwe aja, ndinathira mankhwala onunkhiritsa kuwirikiza muyeso wake. Ndinapinda tikadali totentha n'kutimata m'mapulasitiki. Wailesi anatinyamula m'mawa akuimba mluzu.

5

Masana a tsiku lomwelo galimoto ya ahedi inaima pakhomo pathu. Anatsika okha, Wailesi akuwatsata pambuyo ndi njinga, nkhope itagwa. Ahedi anaunjika timabulangete pa kauntala.

"Nunkhizani, mayi."

Apo mphuno yanga inali itatsitsimuka. Fungo linandimenya ngati mbama. Mankhwala onunkhiritsa aja anangoliwonjezera ukali.

"Kalasi yonse ikununkha," ahedi anatero. "Kholo lina labwera kudzatenga mwana wodwala, lamununkhiza m'mutu, landifunsa ngati pasukulu panga timasuta. Ndipo onani izi."

Anatambasula kabulangete kamodzi. M'mapindo mwake munali tizinyenyeswazi tobiriwira. Apongozi anali atatuluka kuchipinda, ataima pakhomo la pakati atagwira ndodo yawo.

"Anthu anandichenjeza za mnyamatayu," ahedi anapitiriza. "Ine ndinati munthu amasintha. Ndinali pafupi kumupatsa makiyi ndi ana a eni ake. Mayi, inu sindikukukayikirani, ndimakudziwani, ndipo amuna anu ndi mkulu wa mpingo. Mungondiuza: zalowa bwanji m'katundu wanga?"

Wailesi anandiyang'ana. Sanali kundiopseza kapena kundipempha, ankangodikira. Ndikanatha kunena kuti makina ndi amene alakwa. Ndikanatha kungolira. Koma pakamwa panga panatuluka mawu amene mpaka lero amandidzutsa ndikagona.

"Ine ndimangochapa, ahedi. Amanyamula ndi iwowa."

Apongozi anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Ahedi anagwedeza mutu, nati za minibasi ziiwalike, ndipo Wailesi asadzapondenso pageti pa sukulu yawo. Anati kupolisi sapitako chifukwa cholemekeza amuna anga.

6

Amuna anga anafika Lachisanu, baibulo kukhwapa, chikwama m'manja. Apongozi sanawadikire n'kuti avule nsapato. Tinakhala pabalaza tonse, chitseko chotseka.

"Mng'ono wako wayambiranso," anatero apongozi akulira. "Wanditsirizanso, ine ndimati ndifa ndi mtendere."

Amuna anga anandiyang'ana kamodzi, mwachangu, kenako anatembenukira kwa Wailesi.

"N'zoona zimenezi?"

"Achimwene, ine sindinasute, ndipo sindinanyamule kanthu."

"Ndiye chalowa chokha m'mabulangete? Chili ndi miyendo?"

"Funsani bwino m'nyumba muno."

Mbama inalira. Wailesi, mwamuna wandevu zake, anagwira tsaya n'kuyang'ana pansi.

"Ndakusunga, ndakudyetsa, ndakupatsa ntchito," amuna anga anakalipa. "Ukufuna undichotsere ulemu pamaso pa mpingo? Pofika mawa ndisakuonenso pakhomo pano."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikubisa. Dzanja limene linamenya Wailesi ndi lomwelo limene linabzala chamba kuseri kwa thanki. Mawu a pafoni aja anali a amuna anga.

Anayamba zaka zingapo zapitazo atavulala msana ponyamula makina ochapira. Mapiritsi a kuchipatala sankawathandiza, wina anawauza za chamba, ndipo ululu unachepadi. Msana unapola, koma chizolowezi chinatsala. Kugula ankaopa kuti awaona, choncho anabzala chawo. Ankasutira kuseri kwa thanki m'mamawa anthu asanadzuke, kenako n'kusamba, kutafuna timaswiti tonunkhira, n'kudzatitsogolera pemphero la m'mawa. Ine ndinkachapa malaya awo padera.

Titalowa kuchipinda ndinawagwira mkono.

"Bambo, mwamumenyeranji? Mukudziwa kuti ndi wosalakwa."

"Tsitsa mawu. Unkafuna ndinene chiyani pamaso pa amayi?"

"Zoona."

"Zoona zake ziti? Iwe unanena zoona kwa ahedi?" Anakhala pabedi n'kuyamba kumasula tayi. "Uyu anazolowera kunenedwa, sizimupweteka. Ine ndili ndi dzina. Nanga chamba chija wachibisa kuti?"

Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu zinatembenuka: anadya wamkulu, m'mimba munapota mwa mwana.

7

M'mawa mwake, amisiri a alandilodi akukumba pamalo amene ndinali nditasalaza bwinobwino, Wailesi anatuluka ndi chikwama chimodzi. Makiyi a njinga anawasiya pa kauntala. Ndinamutsatira mpaka pamsewu nditanyamula malaya ake amene ndinasita.

"Alamu, tengani awa."

Analandira osandiyang'ana.

"Ndili ndi mawu oti ndikuuzeni," ndinayamba.

"Musavutike. Ndinachiona chikadali chofika m'mawondo. Ine chinthu chimenecho ndimachidziwa ngakhale chitavala tomato. Ndipo achimwene ndakhala ndikuwamva kutsokomola kuseri kwa thanki m'mawa uliwonse."



"Ndiye bwanji dzulo simunanene?"

"Amayi ali ndi mwana mmodzi yekha wowanyaditsa. Ndikanawalanda ameneyo akanatsala ndi ndani?" Anasuntha chikwama paphewa. "Mbama ya achimwene yapola kale, alamu. Iwo ndimawadziwa, ndi amantha kuyambira tili ana. Koma inu! Inu ndi amene munkandiuza kuti ndisamvere za anthu. Tsiku limene ndinakhoza laisensi munavina pakhonde apa. Ndiye 'amanyamula ndi iwowa'?"

Anakwera basi ine nditaima pomwepo, manja akununkha bulichi.

8

Ndinapirira milungu ingapo. Zidebe zija ndinakazikhuthulira m'ngalande amuna anga atachokapo, ndipo atadziwa anakhala masiku osandilankhula. Sizinandipepuze mtima. Ndinkamva kwa anthu kuti Wailesi akugona kwa mnzake, akunyamula katundu pamalo okwerera mabasi, ndipo kulikonse kumene wakafunsa ntchito ya udalaivala nkhani ya mabulangete a ana imakhala itafika kale.

Ndinaganiza zoulula zonse, ndipo ndinayamba ndi ahedi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira dzanja.

"Mayi, banja ndi banja, ndikumvetsa. Koma dalaivala ndinalemba kale wina, ndipo musadzipake matope chifukwa cha munthu amene sakufuna kusintha."

Ndinabwerera kunyumba n'kukagwada pafupi ndi bedi la apongozi. Ndinawauza zonse: kadimba, foni, matumba a mapilo, makina, msana wa mwana wawo wamkulu. Ndinalira mpaka mawu kutha. Ndinkayembekeza kuti andilavulira kapena andithamangitsa, ndipo ndikanalandira.

Anandisisita kumutu.

"Wakutuma ndi iyeyo, eti? Wakupempha kuti umunamizire mkulu wake kuti abwerere?"

"Ayi, amayi. Ndikulumbira."

"Usalumbire, mwana wanga, ungachimwe. Mwana wanga wamkulu ndinamubereka ndine, ngakhale ndudu sanaigwirepo. Iwe vuto lako ndi chifundo. Dzuka, pukuta misozi, usadzayankhulenso zimenezi mwamuna wako angamve."

Inu amene mukuwerenga, mwina pali munthu amene lero akusenza mlandu wanu chifukwa choti iye anali kale ndi mbiri ndipo inu muli ndi dzina. Ndikukupemphani, lankhulani anthu asanamalize kuweruza. Tsiku lija pa kauntala mawu ochepa chabe akanamupulumutsa mlamu wanga. Nditadzawanena mochedwa, ndi misozi ndi malumbiro, panalibenso wowalandira.

Wailesi sanabwerere, ndipo foni yanga sayankha. Amuna anga amakhalabe pa mpando wa kutsogolo Lamulungu lililonse. Ine chilango changa ndimachilandira pabalaza pakabwera alendo, pamene apongozi amandiloza monyadira n'kunena kuti: "Uyu ndiye munthu. Anafuna kudzisenzetsa tchimo la wosuta chamba uja kuti amupulumutse." Alendo amandiyang'ana mwaulemu, ine n'kumawathirira tiyi.